Sikafu Ziwiri za Ahedi

Achimwene anga anaphunzitsa sukulu zaka makumi anayi, ndipo zaka makumi awiri zomalizazo anali mphunzitsi wamkulu. N'chifukwa chake mpaka lero aliyense amawatchula kuti Ahedi, ngakhale ine mlongo wawo wa bere limodzi. Atapuma pa ntchito anasowa ana oti aziwakalipira, ndiye anatembenukira ku dimba la kuseri kwa nyumba. Mukanaona inu! Tomato pamzere, kabichi pamzere, anyezi pamzere, ngati ana odikira kulowa m'kalasi. Mbewu iliyonse inali ndi kachikwangwani kake, dzina ndi tsiku lobzalira. Ine ndinkati, "Ahedi, kabichi uyu wachedwa kukula, mum'patse chibalo." Iwo osaseka. Ankangoti, "Namanzere, usaponde pa bedi." Namanzere ndine, chifukwa chilichonse ndimachita ndi dzanja lamanzere, kuyambira kudya mpaka kuloza anthu.

Mlamu wanga anatisiya zaka zisanu zapitazo, choncho Ahedi ankakhala okha m'nyumba ya zipinda zitatu ija. Ine ndinkakhala tsidya lina la msewu, nyumba yachinayi kuchokera pa golosale. Tsiku lina m'mawa ndinawapeza atakhala pansi pakati pa mizere ya tomato, chitini chothiririra chitagubuduka, pakamwa patapotoka. Sitiroko. Anagona m'chipatala milungu itatu. Mwendo unabwerera msanga, pakamwa panawongoka, mawu okalipira anabwerera onse osatsalako ndi amodzi omwe. Koma dzanja lamanja linakana. Linkangokhala pamwendo ngati mlendo wodikira tiyi.

Ahedi ali ndi mwana mmodzi, wamkazi, amene timam'tchula Kapitawo. Dzinali ndinam'patsa ndine ali ndi zaka zinayi, nditam'peza atandandalitsa nsapato za anthu onse pakhonde n'kumazikalipira. Pano ndi mayi wa ana awiri. Amagwira ntchito mumzinda waukulu, ulendo wa maola asanu pa galimoto, ndipo amakhala m'nyumba zosanjikizana, pamwamba penipeni, pomwe dothi lokhalo ndi la m'kachitini ka maluwa pawindo. Tsiku lomwe bambo ake anatuluka m'chipatala, Kapitawo anaima pakati pa balaza, makiyi a galimoto ali m'manja, n'kugamula mlandu.

"Ababa, ndikukupatsani miyezi iwiri. Ndikadzabwera n'kupeza dzanja likadali chonchi, ndikukutengani. Chipinda chilipo kale. M'nyumba muno tidzaikamo munthu wina."

"Nanga dimba?" anatero Ahedi.

"Tomato amagulitsa kumsika, Ababa."

Ndinawayang'ana Ahedi. Munthu amene sanalirepo pamaso pa anthu, ngakhale pa maliro a mkazi wake, tsiku limenelo maso anafiira chifukwa cha tomato. Musawaseke, kuseka n'kwanga. Pansi pa mtengo wa mandimu kudimbako pali benchi imene anakhoma okha, pomwe mlamu wanga ankakhala n'kumawauza kuti akuthirira molakwika. Kumzinda kulibe benchi imeneyo.

Mayi wa mafizo kuchipatala, amene amawongola ziwalo za odwala, anawapatsa kampira kofiira koti azifinya m'mawa ndi madzulo. Ahedi anafinya masiku atatu. Tsiku lachinayi kampira kanapezeka m'kamwa mwa galu wa aneba.

"Ine si khanda kuti ndiziseweretsa mpira," anatero.

Mayiyo sanakangane nawo. Anangoti ngati kampira sakukafuna, apeze ntchito yogwiritsa manja onse awiri, yapang'onopang'ono, ya tsiku ndi tsiku. Pamenepo m'pomwe ndinalowerapo ine ndi thumba langa la wulu.

Kuluka ndinayamba ndili mtsikana, ndipo chipumireni pa ntchito yochapa zovala ku hotela ndilibe chochita china koma kuluka ndi kuputa anthu. Majuzi, zipewa, masokosi a makanda. Theka la ana a mumsewu wathu anakula atavala ntchito ya manja anga, ena mosafuna.

"Ahedi, ndabwera ndi sukulu," ndinatero ndikukhutula thumba patebulo.

Anayang'ana singano ziwiri zamtengo ndi wulu wobiriwira uja ngati ndawabweretsera njoka.

"Ine? Kuluka? Namanzere, wapenga liti?"

"Kalekale. Inu simunazindikire chifukwa munatanganidwa ndi kabichi."

"Zimenezo ndi za amayi."

"Eya. Ndipo kumzinda kuja mukakhala pawindo ngati mphaka, kumawerenga magalimoto odutsa. Zimenezo ndiye za abambo."

Anayang'ana dzanja lawo lija. Kenako anati, "Tseka chitseko. Makatani omwe."

Dzanja lamanja silikanatha kuyendetsa singano, ndiye anayenera kuluka ngati ine. Lamanzere ndilo lizilamulira: kulowetsa singano, kukoleka ulusi, kukoka. Lamanja lizingogwira singano inayo n'kumakankhira timfundo kutsogolo. Timfundo tokhala pa singanoti ine ndimati maso. Ndinawayambira maso makumi atatu, n'kuwauza kuti tikuluka sikafu, chifukwa sikafu ilibe manja kapena khosi zoti munthu asokoneze. Ndinawaderera. Ahedi anapeza njira.

Apa ndikuuzeni kanthu. Ine sukulu ndinalekera kalasi yachiwiri. Masiku amenewo mwana wolemba ndi dzanja lamanzere ankakwapulidwa ndi rula pa zala. Kunyumba Ahedi, amene panthawiyo anali wa kalasi yomaliza, wodziwa zonse za pansi pa thambo, anaganiza zondithandiza. Ankandimanga dzanja lamanzere kumpando ndi lamba wa kabudula wawo, kuti ndizolowere kulemba ndi lamanja. Chomwe ndinazolowera ndi kuthawa. Nkhaniyi sitinaikambepo zaka makumi asanu ndi limodzi. Koma tsiku lachiwiri la sukulu yanga yolukayi, nditaona dzanja lawo lamanja likulimbirana ntchito ndi linzake n'kumagwetsa singano, lilime langa linathamanga lokha.

"Ahedi, muli ndi lamba pafupi?"

"Wa chiyani?"

"Ndimange dzanja ili kumpando. Ndinamva kuti zimathandiza."

Ndinkayembekezera mphezi. Koma anangoika singano pamwendo n'kuvula magalasi.

"Unali ndi zaka zingati?"

"Zisanu ndi ziwiri."

"Ndinkaganiza kuti ndikukuchitira zabwino."

"Ndikudziwa. Mukanakhala oipa mtima, bwenzi mukumanga mfundo yosamasuka ndi mano."

"Ndinalakwa, mlongo wanga."

Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti tsiku lomva mawu amenewo ndidzavina. Koma m'malo mwake ndinangokuwa kuti, "Diso lagwa!" Ahedi anadzigwira kumaso mwamantha, kuyesa kuti sitiroko yabweranso kudzatenga zotsala. Ndinaseka mpaka kutsokomola. Ndinkanena diso la pa singano, lomwe linali litapulumuka n'kuyamba kutsetsereka. Anandikalipira bwinobwino, ndipo tonse tinapeza mpumulo.

Kuyambira pamenepo anaigwira ntchito motsata nthawi ngati kusukulu. M'mawa kuthirira dimba ndi dzanja limodzi, kenako tiyi, kenako kuluka mpaka dzuwa lifike pamutu. Masana kugona pang'ono, n'kuyambiranso. Ankawerenga maso mokweza ngati akuitana mayina m'kalasi, ndipo diso likavuta ankalilankhula. "Iwe wachisanu ndi chinayi, ndakuona! Bwerera pamalo pako!" Koma maso sanali kuwaopa. Makumi atatu aja anaswana mpaka kufika makumi anayi ndi limodzi. Kenako kunagwa mliri, anatsala makumi awiri ndi asanu. Sikafu inayamba yotambalala ngati mphasa, n'kuonda ngati mchira, n'kunenepanso. Mabowo ena munkatha kulowetsa chala, ena dzira.

"Ahedi, bowo ili ndi lotulutsira mutu?"

"Ndi lolowetsera mpweya. Khala chete."

Ndinkafuna kumasula kuti tiyambirenso, koma anakana. Anati mwana sang'amba tsamba loyamba la kope chifukwa choti analemba mokhota. Pofika mlungu wachisanu anaiwala zotseka makatani. Wachisanu ndi chimodzi ndinawapeza akulukira pa benchi, aneba akuwaonera pa mpanda, iwo osasamala.

Kapitawo ankandiimbira foni Lamlungu lililonse masana kufunsa za bambo ake, chifukwa iwo pa foni amangoti "tili bwino" n'kudula. Ndiye wailesi ndinali ine. Ndipo ine nkhani yopanda mchere sinditha kuinena.

"Dzanja? Iii, mwana wanga, dzulo atsegula botolo la jamu lomwe linandikanika ine!"

"Zoona, Azakhali?"

"Ndikunamizirenji? Kuluka ndiye usanene. Ngati makina. Singano zikuchita kutentha."

Zoona zake zinali zakuti dzanja linkabwerera, koma ngati nkhono. Linkatha kugwira singano mzere wonse osaigwetsa. Chala chachikulu ndi cholozera zinayamba kugwirana. Koma kapu ya tiyi inkanjenjemerabe, ndipo mabatani a malaya ankawatengera nthawi yoti munthu n'kuwiritsa mazira kawiri.

Kutatsala mlungu umodzi kuti Kapitawo abwere, ndinaiyala sikafu ija patebulo n'kuiyang'ana ndi maso ake a iyeyo. Mtima unagwa. Ine ndinali nditati makina. Apa panali chinthu chonga chomwe mbuzi yatafuna n'kusintha maganizo. M'maganizo ndinaona kale Ahedi ali pawindo lam'mwamba lija. Ndiye ndinachita zomwe mlongo aliyense wachikondi ndi wopanda nzeru akanachita. Ndinali ndi wulu wobiriwira wotsala kunyumba kwanga. Masana anayi okha, ndinaluka sikafu ina, kutalika chimodzimodzi. Ndinayesetsa kuikamo zolakwika kuti izioneka ya wophunzira, koma manja anga anakana kulakwitsa. Ndinangoti basi, makina ndi makina.

Loweruka m'mawa ndinalowa m'nyumba ya Ahedi iwo ali kubafa, akulimbana ndi ndevu. Singano zanga ndi zachitsulo, zopindika pang'ono, ndipo Kapitawo amazidziwa kuyambira ali mwana. Ndiye ndinayenera kusamutsira ntchito yanga pa singano zawo zamtengo. Ndinagwira sikafu yawo, n'kusolola singano, shwee! Maso onse makumi atatu anatsala ali yasa. Ndinkati ndiwatunge pa kachingwe kuti asathawe, koma nditangomaliza kusamutsa anga, hutala ya Kapitawo inalira pageti. Mwana ameneyu akati ndifika masana, dziwani kuti afika m'mawa, kuti akupezeni musanasese.

Ndiibise kuti sikafu ya Ahedi? Kapitawo akafika amatsegula paliponse: m'kabati, mu firiji, pansi pa bedi, ngakhale mu uvuni. Malo amodzi okha ndiwo sakanafufuza. Ndinakweza diresi, n'kuikulunga m'chiuno katatu, n'kutsitsa diresi. Kunja dzuwa linali likuswa mtengo.

"Azakhali, mwanenepatu," anatero Kapitawo akundikumbatira.

"Ndi mtendere, mwana wanga."

"Nanga thukutali?"

"Ndi chimwemwe."

Anapsompsona bambo ake, n'kuyamba ulendo wake woyendera. Anawerenga mapiritsi otsala m'botolo. Ananunkhiza mkaka. Anaponda kampasa ka kubafa kuona ngati kakuterera. Atamaliza anakhala pa sofa, n'kuika chikwama pambali.

"Tiyeni tione sikafu yotchukayo."

Ahedi anatambasula dzanja kuti atenge dengu lawo, koma ine ndinawatsogolera. Ndinaitulutsa, n'kuigwedeza m'mwamba kuti itambasuke yonse, yowongoka ngati msewu watsopano, n'kuiika pamiyendo pa Kapitawo. Ahedi anaiyang'ana. Kenako anayang'ana ine, pamwamba pa magalasi. Maso amenewo anaumitsa ana a anthu zaka makumi anayi. Ine ndinayang'ana kudenga.

Kapitawo anaitembenuza, n'kuyendetsa chala m'mphepete mwake kuchokera pansi mpaka pamwamba.

"Ababa, mwaluka ndinu iyi?"

Ndinatsokomola. Ndinatsinzina diso limodzi. Ndinawaponda ngakhale chala cha kuphazi. Liwu limodzi lokha, Ahedi, mungoti eya, dimba n'kukhala lanu.

"Ayi," anatero.

"Ahedi, mwaiwala! Ndi matendawa, mwana wanga, nthawi zina amaiwala."

"Namanzere, khala chete. Zaka makumi anayi ndakhala ndikung'amba mapepala a ana oonera mayeso. Sindiyamba lero."

Kapitawo anaipinda sikafu ija bwinobwino. Akanakuwa bwenzi zili bwino. Koma analankhula motsitsa.

"Ndinadziwa musanayankhe, Ababa. Azakhali, onani m'mphepete umu. Diso loyamba la mzere inu simuliluka, mumangolidumphitsa kuti m'mphepete mukhale ngati tcheni. Munandiphunzitsa nokha ndili ndi zaka khumi. Munkandimenya pa dzanja ndikaiwala."

"Sindinkamenya, ndinkangokumbutsa."

"Nanga botolo la jamu lija?"

"Linali... ndinali nditaliyambako pang'ono."

"Miyezi iwiri mukundinamiza. Akanagwa kubafa, mukanandiuza kuti akuphunzira kusambira."

Ananyamuka n'kulowa kuchipinda kwa bambo ake. Tinamva sutikesi ikutsika pamwamba pa wadirobu, kenako mahang'ala akulira. Ndinafuna nthaka ing'ambike. Ndinabwera kudzapulumutsa munthu, n'kumukankhira m'chitsime ndekha.

Ahedi sanandikalipire. Anangoti, "Yanga ili kuti?"

"Ndavala."

"Wati bwanji?"

"Ndavala, Ahedi. M'chiuno."

Anatseka maso kanthawi, ngati akupempha mphamvu kumwamba. Kenako anadzuka, n'kutenga sikafu yanga yokongola ija, n'kunena kuti, "Tsogola."

Tinam'peza Kapitawo ataika kale malaya anayi mu sutikesi pabedi. Sanatembenuke.

"Mwana wanga, azakhali ako ali ndi choti akuonetse," anatero Ahedi. "Namanzere, vula."

"Pamaso pa mlongo wanga? Ahedi, ulemu uli kuti?"

"Ndayang'ana kukhoma. Vula."

Ndinapisa dzanja pansi pa diresi, n'kutulutsa nsonga imodzi, n'kum'patsa Kapitawo kuti agwire. Kenako ndinayamba kuzungulira ngati nguli. Sikafu inkatuluka pang'onopang'ono, yofunda, yonyowa ndi thukuta, bowo ndi bowo. Kapitawo pakamwa panali yasa. Koma tsoka silinunkha. Ulusi wakumapeto unali utakola pa zipi ya siketi yamkati, ndipo pozungulira komaliza ndinamva kuti prrr. Mizere itatu inamasuka. Maso otsalawo anali lende, opanda singano, ena atayamba kale kubisala.

Aliyense woluka akudziwa kuti kutola maso othawa n'kovuta kuposa kuluka kwenikweniko. Pamafunika dzanja limodzi litsine nsalu molimba pansi pa diso, lina lilowetse nsonga ya singano osakoka. Ukakoka pang'ono, diso loyandikana nalo limamira. Ine ndemwe ndimachita nditapuma kaye.

"Bweretsani, ndikonze msanga," ndinatero.

"Azakhali, manja kumbuyo," anatero Kapitawo.

Ahedi anakhala pabedi, pambali pa sutikesi. Anatenga sikafu yanga, n'kugwira singano yawo yamtengo, n'kuisolola, shwee, akundiyang'ana m'maso. Ntchito yanga ya masana anayi inagwera pansi ngati chigamba. Sindinadandaule, ndinalibe pakamwa. Anayala yawo pamaondo, n'kukonza magalasi. Dzanja lamanja linakwawa pang'onopang'ono mpaka m'mphepete, chala chachikulu ndi cholozera n'kutsina.

"Woyamba," anatero.

M'chipindamo munangomveka wotchi ya pakhoma. Wachiwiri. Wachitatu. Wachinayi anathawa kawiri, kachitatu anagwidwa. Thukuta linkatsika m'mphuno mwawo n'kudonthera pa wulu. Kapitawo anali chiimire, malaya achisanu ali m'manja. Ine manja kumbuyo, zala zikuluka mphepo.

Pa diso la khumi ndi chisanu ndi chinayi dzanja lamanja linayamba kunjenjemera, n'kutaya. Nsalu inatsetsereka. Kapitawo anasuntha phazi kuti awathandize, ndipo ulendo uno ndine ndinam'gwira mkono. Ahedi analiyang'ana dzanjalo ngati mwana wogona m'kalasi.

"Belu silinalire," analiuza. "Bwerera."

Analipukuta pa thalauzi, analitambasula zala chimodzichimodzi ndi dzanja linalo, n'kulibwezera. Linatsinanso.

Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Ndikudziwa kuti miyendo yanga inachita dzanzi. Atafika kumapeto anawerenga onse ndi nsonga ya chala, n'kupeza makumi awiri ndi asanu ndi atatu. Anafufuza m'munsi, n'kupeza limodzi litatsika mizere iwiri, n'kulikweza ndi nsonga ya singano, khwerero ndi khwerero. Zimenezo sindinawaphunzitse ine. Linalo sanalipeze.

"Mmodzi wajomba," anatero. "Tionana naye Lolemba."

Kenako anatenga singano yachiwiri n'kuluka mzere wathunthu, kuchokera uku mpaka uko, n'kum'patsira mwana wawo.

Kapitawo anaika malaya pansi, n'kukhala pabedi. Anayambira kumunsi kwa sikafu, kotambalala kuja, n'kulowetsa zala ziwiri m'bowo.

"Apa ndi liti?"

"Mlungu woyamba."

"Apa poondapa?"

"Wachitatu. Ndinkakoka kwambiri, ndinali wokwiya."

"Mumakwiyira ndani?"

"Iwe."

Anapitiriza kukwera nayo, chikhatho ndi chikhatho. Mabowo ankachepa. M'mphepete munkasiya kuyenda ngati woledzera. Chigawo chomaliza, chotalika ngati mkono wanga, chinali chowongoka, cholimba, chopanda bowo ndi limodzi lomwe. Ine ndemwe ndinali ndisanachione bwino. Maso anga ankangothamangira kumunsi koipako, ndiye kumeneko n'komwe ndinkabisa.

Kapitawo anaisiya pabedi, n'kupita kukhitchini. Ndinadikira pang'ono, n'kumutsatira. Ndinam'peza atatsegula mpopi, akutsuka kapu yoyera kale, mapewa akugwedezeka.

"Undikalipire, mwana wanga. Ndakonzeka. Ndatsuka ndi m'makutu momwe."

"Azakhali, mukudziwa kuti foni ikalira kuntchito ndimayamba ndayang'ana ngati ndi inu? Ndikaona dzina lanu, ndimayesa kuti agwanso. Tsiku lija anakhala pansi kudimba nthawi yaitali bwanji musanawapeze? Palibe akudziwa. Ine sindikufuna kuwalanda tomato wawo. Ndikungofuna pakhale munthu wowamva akagwa."

Ndinam'landa kapu ija, n'kumupukuta nkhope ndi nsalu ya mbale, monga ndinkachitira ali wamng'ono.

"Imeneyo ndi yopukutira mapoto, Azakhali."

"Ndiye iwe ndiwe galasi?"

Anaseka akulira, mamina ndi misozi pamodzi. Kenako anawongoka, n'kukonza bulauzi, ndipo ndinaona ukapitawo ukubwerera m'maso mwake.

Tinawapeza Ahedi atakhalabe pabedi, sutikesi ili chitsegukire. Anangoyang'ana mwana wawo ngati munthu wodikira zotsatira.

"Ababa, mukhala."

Anapumira m'mwamba, mapewa n'kutsika.

"Koma pali mfundo ziwiri. Yoyamba, za dzanja lanu ndizimva kwa mayi wa mafizo. Azakhali ndawachotsa ntchito."

"Popanda chenjezo?" ndinatero.

"Yachiwiri, simukhalanso nokha. Azakhali asamukira m'chipinda chakumbuyo. Mawa, ine ndisanapite."

Ahedi anayang'ana ine. Anayang'ana mwana wawo. Anayang'ana sutikesi.

"Mwana wanga," anatero, "malayawo usawatulutse. Ndasintha maganizo. Nditenge."

"Mwachedwa, Ahedi," ndinatero. "Kapitawo wagamula."

"Munthu ameneyu amaimba akamatsuka mbale. Nyimbo imodzimodzi, ndipo mawu ake sawadziwa."

"Inu mumaliza mkonono womveka ku golosale, ine ndinadandaulapo?"

"Unaumva liti?"

"Msewu wonse umaumva. Timangokulemekezani."

Kapitawo anatisiya tikukangana. Anatulutsa malaya aja amodziamodzi n'kuwabwezera pa mahang'ala, kenako anakwera pampando n'kukankhira sutikesi pamwamba pa wadirobu, mpaka kukhoma.

Mawa lake tinasamutsa katundu wanga pa galimoto yake, maulendo atatu pa mtunda wa nyumba zinayi. Ulendo woyamba zovala ndi zofunda, iwiri inayo wulu. Ahedi anaima pageti akuwerenga matumba, nkhope ili gwa. Koma nditalowa m'chipinda chakumbuyo ndinapeza mwasesedwa kale, zenera lili lotsegula, ndipo pakhoma pali msomali watsopano wopachikapo thumba langa la singano. Unali wokhota, ndipo pulasitala anali atagumuka pang'ono mozungulira.

"Wakhoma ndani msomali wopindikawu?" ndinakuwa.

"Ngati sukuufuna uzule," anayankha ali pakhonde.

Ndinapachikapo thumba. Unagwira.